Chilema Chosaoneka M'nsalu ya Maatomu

M'gawo lapitalo tidakambirana za miyala yosiyanasiyana imene ili pansi pa nthaka ya dziko lathu lino. Lero tsono titenge mwala umodzi wokha, wakuda ndi wofewa, umene mwana aliyense wa sukulu amaugwira tsiku ndi tsiku osaudziwa dzina. Mwalawu ndi graphite, ndipo ndiwo mtima wa pensulo. Ambiri amaganiza kuti mtima wa pensulo ndi mtovu, komatu m'menemo mulibe mtovu ngakhale pang'ono. Muli graphite wosakaniza ndi dongo basi. Kuchokera m'mwala wonyozekawu akatswiri a sayansi adatulutsa chinthu chopyapyala koposa zonse zimene munthu adapangapo, ndipo nkhani yathu lero ndi ya chinthu chimenechi pamodzi ndi zilema zake.

Nsalu yochindikala atomu imodzi

Graphite, makala ndi dayamondi ndi ana a mimba imodzi, pakuti zonsezi zidapangidwa ndi maatomu a kaboni. Chimene chimazisiyanitsa ndi m'mene maatomuwo adakhalira. Mu graphite, atomu iliyonse imagwirana ndi zinzake zitatu, ndipo zikatero zimapanga timabwalo ta mbali 6 tolumikizana ngati zipinda za m'chisa cha njuchi kapena waya wa khola la nkhuku. Timabwaloti timayala nsalu yathyathyathya, ndipo nsalu zambirimbiri zimasanjikizana monga mapepala a m'buku. M'kati mwa nsalu imodzi maatomu adagwirana zolimba zedi, koma pakati pa nsalu ndi inzake kugwiranako n'kofooka. N'chifukwa chake pensulo imalemba: tikaikhukhuza papepala nsaluzo zimaterereka n'kutsalira pamenepo.

Nsalu imodzi yokha, itachotsedwa pa zinzake, ndiyo imatchedwa graphene. Kuti tisanjike mulu wokwera milimita imodzi tifunika nsalu zotere pafupifupi 3 miliyoni. Pepala limodzi la m'kope la mwana wa sukulu ndi lochindikala ngati nsalu 300,000. Titati tiyale graphene pabwalo lonse la mpira longa la Mzuzu Stadium, kulemera kwake sikungapitirire magalamu 6, kuposa pang'ono chabe shuga wodzaza kasupuni ka tiyi.

Kwa zaka zambiri akatswiri ankakayika ngati nsalu yotere ingakhale payokha osakwinyika kapena kuphwasuka. Koma m'chaka cha 2004, pa Yunivesite ya Manchester ku Mangalande, a Andre Geim ndi a Konstantin Novoselov adamata selotepi pa graphite n'kumatula, n'kumatanso, n'kumatulanso, kufikira atatsala ndi tizidutswa ta nsalu imodzi. M'chaka cha 2010 awiriwa adalandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi. Akatswiri ena atayamba kuyeza tizidutswato, zimene adapeza zidadabwitsa dziko. M'chaka cha 2008 gulu la a James Hone pa Yunivesite ya Columbia ku America lidapeza kuti graphene wopanda chilema ndi wolimba kuposa chitsulo koposa ka 100. Magetsi amayenda m'menemo mosavuta, kutentha kumadutsamo msanga kuposa mumkuwa, ndipo pa kuwala kulikonse kumene kwagwerapo, magawo oposa 97 pa 100 amapyola.

Owerenga atcheru afunsa kuti: nanga ngati chinthuchi n'chodabwitsa chotere, bwanji patapita zaka zoposa 20 sitikuona milatho, zingwe za magetsi kapena malata a graphene? Yankho lagona pa mawu aja akuti "wopanda chilema".

Phunziro la pakhonde la telala

Aliyense amene adakhalapo pakhonde la telala kuno ku Chibavi adaona m'mene amagawira nsalu. Munthu wamphamvu atagwira chitenje chatsopano uku ndi uku n'kukoka, angatuluke thukuta osaching'amba. Koma telala amangocheka pang'ono m'mphepete ndi sizasi, kenaka n'kukoka ndi zala, nsalu ija n'kung'ambika kuti kwee mpaka kumapeto. Mmisiri wa mawindo nayenso amatero. Amalemba kamzere pagalasi ndi kachitsulo kake, ndipo galasi limathyokera pomwepo. Ngakhale khoma la nyumba za kudambo, likamang'aluka nthawi ya dzinja, mng'alu wake umakonda kuyambira pangodya ya zenera kapena ya chitseko.

Amene adalongosola chinsinsi chimenechi ndi injiniya wa ku Mangalande, a Alan Griffith, m'chaka cha 1921. Iwo adaona kuti ulusi wopyapyala wa galasi, wongokokedwa kumene, umalimba kwambiri kuposa galasi lochindikala, popeza pa ulusi waung'ono pamakhala ming'alu yochepa ndi yaifupi. Nsalu ikakhala yathunthu, mphamvu yoikoka imagawidwa pa ulusi wonse. Pakakhala pochekedwa, mphamvuyo imaunjikana pa ulusi umodzi wa kunsonga kwa mng'alu. Paja mutu umodzi susenza denga. Ulusiwo ukaduka katundu yense amagwera wotsatira, nawonso n'kuduka, ndipo mng'alu umathamanga.

Chitsulo chili ndi mwayi pamenepa, chifukwa chimapindika ndi kunyutuka chisanaduke, motero nsonga ya mng'alu imabuntha. Graphene alibe khalidwe limeneli. M'chaka cha 2014 akatswiri a pa Yunivesite ya Rice ndi a ku Georgia Institute of Technology adacheka dala timing'alu pa graphene n'kumukoka, ndipo adapeza kuti amasweka mwadzidzidzi monga mbale yadothi, pa mphamvu yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya nsalu yathunthu.

Pali chinanso. M'njerwa kapena mumtanda wa chitsulo, atomu imodzi ikasowa pamalo pake, pamwamba ndi pansi pake pamakhala mizere mamiliyoni ya maatomu ena yochirikiza. M'nsalu ya atomu imodzi mulibe pamwamba, mulibe pansi. Atomu ikasowa ndiye kuti paboka kuchokera kuno kukafika kuseri. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa kachidutswa ka graphene ka milimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi pali maatomu pafupifupi mabiliyoni 38,000. Mmisiri atakhala waluso kotero kuti pa maatomu miliyoni alionse akulakwitsa imodzi yokha, pa kachidutswa kakang'ono ngati njere ya mchenga wokhakhala padzakhalabe mabowo 38 miliyoni.

Mitundu ya zilema

Chilema choyamba ndi chimene tatchulachi, cha atomu yosowa. Maatomu atatu amene adali ogwirana nayo amatsala manja ali m'malere. Awiri amagwirana okhaokha n'kupanga kabwalo ka mbali 5, koma lachitatu limatsala ndi dzanja lopanda mnzake, lokonzeka kugwira chilichonse chodutsa.

Chachiwiri chidalongosoledwa ndi a Anthony Stone ndi a David Wales m'chaka cha 1986, ndipo chimadziwika ndi maina awo. Pamenepa sipasowa atomu ngakhale imodzi. Maatomu awiri oyandikana amangotembenuka, amene adali chogona n'kukhala choimirira, ndipo timabwalo tinayi ta mbali 6 timasanduka tiwiri ta mbali 5 ndi tiwiri ta mbali 7.

Chachitatu ndi mlendo: atomu ya mtundu wina, monga nitrogen kapena boron, imene yakhala pampando wa kaboni, kapena ya oxygen imene yakakamira pamwamba pa nsalu.

Chachinayi ndi msoko, ndipo chimenechi ndicho chimavutitsa mafakitale. Njira ya selotepi imapereka tizidutswa tabwino koma tating'ono kwambiri. M'chaka cha 2009 gulu la a Rodney Ruoff pa Yunivesite ya Texas ku Austin lidaonetsa njira yomeretsera nsalu zikuluzikulu. Amatenthetsa lata la mkuwa kufika madigiri pafupifupi 1,000 n'kupititsapo mpweya wa methane, womwe uja umatuluka m'ndowe zikamaola. Mpweyawo umaphwasuka ndipo kaboni wake amayala nsalu pamkuwapo. Vuto ndi lakuti nsaluyo imayamba kumera malo ambiri nthawi imodzi. Taganizani aganyu anayi amene ayamba kuunda mizere m'munda umodzi, aliyense kungodya kwake, popanda chingwe chowatsogolera. Aliyense mizere yake idzakhala yowongoka, koma pokumanira padzakhala chisokonezo. M'chaka cha 2011 akatswiri a pa Yunivesite ya Cornell adajambula graphene wotere ndi makina amphamvu oonera maatomu, ndipo adaoneka ngati nsalu ya zigamba, misoko yake itasokedwa ndi timabwalo ta mbali 5 ndi 7.

Potsiriza pali makwinya, mapindo ndi mphepete mwa nsalu momwe, pakuti m'mphepete namonso maatomu amatsala ndi manja opanda ogwirana nawo.

Zimene zilema zimachita

Za kulimba tanena kale, koma tionjezepo kuti msoko uliwonse si woipa. M'chaka cha 2013 gulu lija la ku Columbia lidapeza kuti zigamba zikalumikizana bwino, ndiponso nsalu ikasamutsidwa pamkuwa mosamala, kulimba kwake kumachepa pang'ono chabe. Choononga kwenikweni ndi msoko wosokedwa mwaulesi ndi mankhwala aukali ochotsera mkuwa.

Kunena za magetsi, maelekitironi mu graphene amathamanga pafupifupi makilomita 1,000 pa sekondi imodzi. Pa nsalu yosalala amayenda ngati wakabaza pamsewu wa tala watsopano. Bowo lililonse, mlendo aliyense ndi msoko uliwonse zili ngati maenje a mumsewu wafumbi nthawi ya mvula: wapanjinga amakhota, amagunda, amabwerera, ndipo ulendo umatalika. Kutentha nakonso n'chimodzimodzi, popeza kumayenda ndi kunjenjemera kwa maatomu kumene kumapatsirana kuchokera pa ina kupita pa inzake, ndipo pamene mzere wadukiza kunjenjemerako kumamwazika.

Zilema zimasinthanso maonekedwe a nsalu. Kabwalo kamodzi ka mbali 5 kamatukula nsalu yathyathyathya kukhala ngati denga la nkhokwe, pamene ka mbali 7 kamaipotokola ngati tsamba lofota. Mpira wachikopa wa masiku aja udali ndi zigamba 12 za mbali 5 ndi 20 za mbali 6, ndipo popanda 12 zija sukadazungulira. M'chaka cha 1985 a Harold Kroto, a Robert Curl ndi a Richard Smalley adapeza timipira ta maatomu 60 a kaboni tosokedwa mwa njira yomweyi.

Pamene chilema chisanduka chuma

Pofika apa wina angaganize kuti ntchito ya katswiri ndi kuthetsa zilema zonse. Koma miyala ya kwathu konkuno ikutiphunzitsa zina. Mwala wa corundum ukakhala woyera, wopanda mlendo aliyense, ulibe mtundu. Mukalowa maatomu ochepa a chromium umafiira psuu n'kukhala ruby, monga amene amapezeka paphiri la Chimwadzulu m'boma la Ntcheu. Aquamarine wa ku Mzimba amaoneka ngati madzi a m'nyanja chifukwa cha maatomu ochepa a chitsulo amene adalowerera m'mwala wa beryl. Chimene ogula amalipirira ndalama zambiri ndi chilema chomwecho. Ngakhale sola imene yadzaza pamadenga athu imagwira ntchito chifukwa silicon wake adamuthira dala maatomu ochepa a phosphorus ndi boron.

M'nsalu zopyapyala namonso zili chomwecho. M'chaka cha 2008 akatswiri a ku Cornell adaonetsa kuti graphene wathunthu salola mpweya kudutsa, ngakhale wa helium umene maatomu ake ndi aang'ono zedi. Tsono ngati nsalu yotere itabooledwa timabowo tofanana, tokwanira madzi koma tochepera mchere, ikhoza kukhala sefa yabwino koposa. M'chaka cha 2015 akatswiri a ku Oak Ridge National Laboratory ku America adachita zimenezi pa kachidutswa kakang'ono, ndipo madzi adadutsa msanga pamene mchere pafupifupi wonse udatsalira. Kupanga sefa yaikulu ya mabowo ofanana ndi ntchito yovuta, pakuti bowo limodzi lokulirapo limaononga zonse. Komabe amene adalawapo madzi amchere a m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje amvetsa chifukwa chake akatswiri sakugwa ulesi.

Dzanja lija lotsala m'malere nalonso lili ndi ntchito. Nsalu yosalala kotheratu sigwira zinthu msanga, koma pachilema mpweya wodutsa umakakamira, ndipo ukakakamira kayendedwe ka magetsi kamasintha. Umu ndi m'mene amapangira zipangizo zonunkhiza mpweya woipa.

Graphene ali ndi abale ake. Mmodzi ndi molybdenum disulphide, amene amakaniko amamudziwa mu girizi wakuda wa m'galaja. Nsalu yake ndi yochindikala maatomu atatu, mzere wa molybdenum pakati pa mizere iwiri ya sulufule. M'chaka cha 2011 gulu la a Andras Kis ku Lausanne m'dziko la Switzerland lidapanga transistor ndi nsalu imodzi yotere. Chilema chake chachizolowezi ndi kusowa kwa maatomu a sulufule. Nsaluyi ikawalitsidwa imabweza kuwala kwake, koma yosakonzedwa inkabweza kosakwana gawo limodzi pa 100. M'chaka cha 2015 gulu la a Ali Javey ku Berkeley lidaiviika m'mankhwala ena a asidi, ndipo idayamba kubweza magawo oposa 95. Chaka chotsatira, akatswiri a pa Yunivesite ya Stanford adachita zosemphana: adachotsa dala maatomu ena a sulufule, ndipo malo osowawo adathandiza kutulutsa mpweya wa hydrogen m'madzi. Chilema chimodzimodzicho, kwa wofuna kuwala ndi mdani, kwa wofuna hydrogen ndi bwenzi. Luso lenileni tsono ndi kudziwa chilema chimene chilipo, kuchiwerenga, ndi kuchiika pamene chikufunika.

Kuona zosaoneka

Nanga chinthu chosaoneka ndi maso amachiwerenga bwanji? Makina oonera maatomu ndi okwera mtengo kwambiri, koma pali njira ina yofulumira. M'chaka cha 1928 katswiri wa ku India, a C. V. Raman, akugwira ntchito ku Calcutta ndi zipangizo zosavuta, adapeza kuti kuwala kukagunda chinthu, kagawo kochepa kamabwerera katasintha mtundu molingana ndi m'mene maatomu a chinthucho amanjenjemerera. Adalandira mphotho ya Nobel mu 1930. Lero akatswiri amawalitsa laser pa graphene n'kuona kuwala kobwerera. Pali chizindikiro china, chotchedwa D, chimene chimaoneka pokhapokha pamene pali chilema, ndipo poyerekeza kukula kwake ndi kwa chinzake chotchedwa G amadziwa ngati nsaluyo ndi yabwino kapena ayi.

Kufunika kwa kuyeza kudaonekera poyera m'chaka cha 2018, pamene akatswiri a pa National University of Singapore adayeza ufa wogulitsidwa m'dzina la graphene kuchokera ku makampani 60 a m'maiko osiyanasiyana. Adapeza kuti mu ufa wa makampani ambiri graphene weniweni sadafike ndi magawo 10 pa 100 omwe. Wotsalayo adali graphite wopera chabe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wosadziwa kuyeza amagula dzina.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Dziko la Malawi lili ndi graphite wochuluka. Amapezeka ku Katengeza m'boma la Dowa, ku Malingunde ndi ku Kasiya m'boma la Lilongwe. M'chaka cha 2022 kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals idalengeza kuti ku Kasiya kuli matani oposa 20 miliyoni a graphite pamodzi ndi mwala wina wa rutile, ndipo mu 2023 kampani yaikulu ya Rio Tinto idagula gawo m'kampaniyo. Anansi athu a ku Mozambique adayamba kukumba graphite ku Balama m'chaka cha 2017. Graphite wa ku Kasiya ndi ku Malingunde ali m'thanthwe lowumbudzuka, lofewa ngati dothi, kotero kuti safuna kuphulitsa ndi kupera kwambiri, ndipo mamba ake amatuluka osaphwanyika kwenikweni.

Msika waukulu wa graphite masiku ano si wa graphene ayi. Ndi wa njerwa zopirira moto za m'ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndi wa mabatire a lithium a m'mafoni ndi m'galimoto zoyendera magetsi. M'batire, lithium amalowa pakati pa nsalu zija, atomu imodzi pa maatomu 6 alionse a kaboni. Nsalu zikasanjikizana mwadongosolo batire limasunga moto wambiri. Opanga mabatire amafuna graphite woyeretsedwa kufika magawo 99.95 pa 100, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2020 ntchito yoyeretsayi, yoposa magawo 90 pa 100, inkachitikira ku China. Motero mtengo wa thumba la graphite sudalira kulemera kokha. Umadalira kukula kwa mamba, kuyera kwake, ndi dongosolo la maatomu ake, zonsezo zinthu zimene mlimi wa fodya angazitche giredi. Mlimi amene sadziwa kusankha fodya wake amalandira mtengo umene wogula wanena. Dziko limene lilibe ana ake odziwa kuyeza mwala wake lidzachitanso chimodzimodzi.

Kwa aphunzitsi ndi kwa achinyamata

Aphunzitsi anzanga, tisadikire labotale yodzaza kuti tiphunzitse zimenezi. Thirani soya kapena nandolo m'mbale yathyathyathya, mzere umodzi wokha, n'kugwedeza pang'onopang'ono. Ana adzaona okha njere zikudzikonza m'mizere, adzaona malo osowa njere, ndi misoko pamene magulu awiri akumana. Ponyanimo nyemba imodzi yaikulu, adzaona m'mene mlendo amasokonezera anansi ake. A Lawrence Bragg ndi a John Nye adaphunzitsa dziko za zilema za m'zitsulo mu 1947 pogwiritsa ntchito thovu la sopo. Dulani pepala la mbali 6, muligawe m'zigawo 6 zokumana pakati, chotsani chimodzi n'kumata potsalapo, ndipo denga la nkhokwe lidzaima patebulo. Dulani timizere tiwiri ta pepala, kena mukacheke pang'ono m'mphepete, ana akoke. Pakani pensulo kwambiri papepala mpaka mzere unyezimire, bwerekani mita kwa wokonza mawailesi, yezani m'mene magetsi akudutsira, kenaka mukande mzerewo ndi singano n'kuyezanso. Zonsezi mtengo wake sufika wa buku limodzi.

Inu achinyamata amene mwangotsiriza Fomu 4, masamu, fizikisi ndi kemisitiri zisakuopseni. Yunivesite ya Mzuzu ili pa Luwinga pompa, ya MUST ili ku Thyolo, ya MUBAS ili ku Blantyre, ndipo migodi ikamatsegulidwa idzafuna oyeza miyala, oyendetsa makina oyeretsera, ndi oyang'anira madzi ndi nthaka ya anthu a m'midzi yozungulira. Ngati malo amenewa sadzakhala anu, adzakhala a alendo, ndipo ife tidzatsala ndi maenje. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo sayansi ya zinthu zing'onozing'ono imafuna munthu wodekha chotero, wosatopa kuyeza kawiri.

M'gawo lotsatira tidzakambirana za rutile, mnzake wa graphite m'nthaka ya ku Kasiya, ndi m'mene mchenga wofiirira umasandukira utoto woyera ndi chitsulo cha ndege.